Mkamwini Kunyanja Yamchere

A Matiyasi Kwenda anali munthu wosadziwa kukana. Musayese ndikuwatama, ayi ndithu, chifukwa khalidwe lomweli ndi limene linawasiya pamtetete. Ukawabwereka khasu ankakupatsa latsopano, iwo n'kutsala ndi lakutha. Ukawaponda phazi pamzere wa feteleza ku Chipata, opepesa ankakhala iwo. Anthu a kwa Kambwiri ankati, "Koma Nabanda anatola mwamuna!" Ena ankawonjezera chapansipansi kuti anatola ng'ombe ya pagoli.

Kwawo kwenikweni kunali kumbali ya Vubwi, kufupi ndi malire, koma anachokako ndevu zisanakhwime. Anafika kwa Kambwiri, mudzi wa Achewa womwe uli chapatali pang'ono ndi msewu wa ku Chadiza, atapeza ganyu youmba njerwa za tchalitchi cha Akatolika. Madzi opondera dothi ankatunga ndi atsikana a kwaya, ndipo pakati pawo panali Sesiliya Banda, namwali wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, woseka mokweza mpaka agalu kuuwa. Tsiku lina anatula ndowa yake pafupi ndi chikombole n'kunena kuti, "Iwe wa ku Vubwi, kodi pakamwa unasiya kwanu?" Mnyamata uja anangoyang'ana pansi. Tchalitchi chitatha anzake anamanga katundu n'kumapita, iye anatsala.

Paja kwathu kuno amasamuka ndi mwamuna. Amakalowa m'mudzi wa mkazi, amamanga pomwe amulozera, amalima munda wa eni, ndipo ana akabadwa amakhala a mbumba ya mkazi, wowayang'anira n'kukhala mlongo wake wa mkaziyo. Mkamwini wanzeru amaphunzira msanga kuyenda mowerama. A Kwenda sanachite kuphunzira, anabadwa atawerama kale. Anakhala pamudzipo zaka zoposa makumi anayi, ndipo palibe amene akukumbukira tsiku lomwe mawu awo anamveka kuseri kwa mpanda.

Manja awo okha ndiwo ankalankhula. Anaumba njerwa zawozawo n'kumanga nyumba ya zipinda zitatu, malata n'kugula ndi thonje. Dimba lomwe anawapatsa kudambo linali la nsenjere zokhazokha, loti ngakhale mbuzi zinkalilambalala. Analisandutsa la nzimbe, nthochi ndi repu, mpaka amayi ogulitsa pa msika wa Kapata ankabwera okha ndi madengu. Ana anabadwa atatu. Awiri anapita ndi chikuku m'chaka chimodzi, anatsala Tamanda yekha. Ku Vubwi a Kwenda ankapita pa maliro pokha, ndipo amayi awo atamwalira njirayo inamera udzu.

Pakamwa pawo anali akazi awo. Wogula thonje akayamba kuseweretsa sikelo, okalipa anali a Sesiliya. Kumphakati wa kutchalitchi akafunsidwa maganizo, a Kwenda ankangotembenuza mutu kumbali ya amayi, yankho n'kuchokera kumeneko, iwo n'kugwedeza mutu kuti eya, ndi zomwezo. Ngakhale njala ankachita kuuzidwa. "Atate ake a Tamanda, mwamva njala, ikani khasu pansi." Ngakhale mkwiyo ankauzidwa. "Zimenezi zakupsetsani mtima, musabise." Ndipo iwo akafufuza m'kati ankapezadi kuti mtima wapsa. Anthu ankaseka, koma banja lija linali lokoma, ndipo ambiri mwa osekawo kwawo kunkauluka mbale.

Chinthu chimodzi chokha a Sesiliya ankachilakalaka osachipeza. Anamva kwa amayi ena amalonda odutsa pa malire a Mwami kuti ku Mozambiki kuli nyanja yopanda tsidya, madzi ake amchere, oti ukaphikira ndiwo suthiranso kanthu. Nkhaniyo inawakhala pamtima. "Bodza limenelo ndikufuna ndikalitsutse ndi lilime langali," ankatero, koma aliyense ankaona kuti akufunitsitsa likhale loona.

Tamanda anali atakhala namwino m'tauni ya Chipata, ndipo anakwatiwa ndi Harrison, mwana wa aphunzitsi a ku Madzimoyo, wogwira ntchito yowolotsa mathiraki pa Mwami, mnyamata wamtima wabwino koma wothetheka ngati chimanga cha mbuliwuli. Awiriwa anakonza zonse. Anawadulitsira makolo mapasipoti, anafunsa njira kwa madalaivala, anagwirizana zonyamuka akatha kukumba mtedza. Mtedza unakumbidwa a Sesiliya ali chigonere. Anamwalira dzuwa la Seputembala litayamba kuwotcha.

Pamaliropo a Kwenda sanalire. Ndikunena zoona, ngakhale dontho. Anawakhazika pamphasa pakhonde, anthu akubwera kudzawagwira dzanja, iwo ali duu, maso ali tong'o pa mtondo womwe unagwa pabwalo. Sikuti ankadzilimbitsa. Ankachifunafuna chisoni m'kati mwawo monga munthu afufuza fodya m'thumba, osachipeza. M'chifuwa munali zii. Nyimbo za kwaya ankazimva ngati zikuimbidwa mudzi wina. Koma amayi a mbumba, omwe maso awo saphonya kanthu pa maliro, anaona ndipo anasunga.

Atatha kumeta, mlongo wawo wa malemu, a Alfonsi, anatenga kansalu kakuda kotalika ngati chala n'kukabaya ndi pini pa mkono wa shati ya alamu awo.

"Aka n'kathu, alamu," anatero. "Mukasintha shati muzikasamutsa. Okachotsa ndife eni ake, mvula ikadzatha, pa mwambo womaliza."

Aliyense ankadziwa chomwe chimachitika tsiku limenelo. Mwamuna wofedwa amauzidwa chimodzi mwa ziwiri. Mwina amamusudzula kuti abwerere kwawo, mwina amamuuza kuti khalani, mwasanduka wathu. Nyumba ija, dimba lija, ndi kanjira kopita kumanda komwe kunagona akazi awo, zonse zinkadikira mawu a tsikulo.

A Alfonsi anali munthu wofatsa, mnzawo wa pa nsolo kuyambira kalekale. Anthu atabalalika anawakokera pambali. "Musataye tulo, ine ndilipo. Inu ingokhalani pakhomo, mvula ikagwa mubzale, anthu aziona utsi ukufuka." Koma analiponso Lemmy, mwana wa mng'ono wawo wa a Sesiliya, wa ana asanu ndi munda wa pathanthwe. Sanali munthu woipa Lemmy. Kungoti podutsa padimba paja ankayenda pang'onopang'ono.

Tamanda atabwera kudzawaona chakumapeto kwa Novembala, anagwira pakamwa. Atate ake anali atatha ngati nzimbe yotafuna. Mbale ya dzulo inali pakhonde, nyerere zokhazokha. Repu kudimba anali atafota. Anawapeza pampando atavala nsapato imodzi, inayo ili m'manja, ndipo sanathe kunena kuti akhala choncho kuyambira nthawi yanji.

"Atate, mukakhala chonchi mutsatira amayi," anatero atagwada pambali pawo. "Harrison watenga tchuthi. Tiyeni ulendo uja. Amayi anaufuna, mukawaonere inuyo."

Apa ndi pomwe munthu wina akanati, mwanawe, wofedwa sachoka pakhomo, taona kumwambaku mitambo yayamba kusonkhana. A Kwenda ankazidziwa zonsezi kuposa mwana wawo, yemwe anachoka pamudzi ali wa sekondale n'kukazolowera zakuti munthu akadwala mtima amafunika mphepo ina. Koma kukana kumafuna mphamvu, ndipo iwo analibe. Anangofunsa kuti, "Nanga amalume ako?"

"Apita kumsika ku Chipata. Ndiwaimbira tili m'njira."

Anaimbadi, kamodzi, foni inali yothima. Kenaka za mapepala a galimoto pa Mwami zinamuiwalitsa. Ndiye chomwe mudzi unaona ndi ichi: mkamwini wofedwa, asanatsazike munthu, akukwera galimoto ndi chisutikesi chachikulu.

Za ulendowo Harrison akhoza kukusimbirani mpaka dzuwa kulowa, chifukwa amene anauona ndi iye. Anadutsa Lilongwe, anadutsa Blantyre, n'kukalowa ku Mozambiki m'munsi mwa phiri la Mulanje. A Kwenda anakhala kumbuyo, manja pa mawondo. Akati tsikani ankatsika, akati idyani ankadya, akati taonani ankatembenuza mutu kutsata chala. Pa malire, wa yunifolomu atayang'ana pasipoti n'kuwayang'ana kumaso, iwo nawonso anasuzumira chithunzicho. Chinali cha munthu wonenepa bwino, kolala yake yowongoka, chifukwa tsiku lojambulalo panali wina wowakonzera.

Poyamba anakwera kumapiri a Gurue. Ee, dziko lija n'lokongola, zimenezo sindingatsutse. Tiyi ali biriwiri kuchokera m'munsi mpaka kukalowa m'nkhungu, timitsinje tikugwa m'matanthwe, amayi akuthyola masamba madengu ali kumsana. Harrison ankaimitsa galimoto pena paliponse n'kufuula, "Atate, zotere munazionapo?" Iwo ankayankha kuti sanazionepo, ndipo sankanama. Kungoti maso ankalandira koma kumtima sikunkafika kanthu, ngati madzi othira pa tsamba la nthochi. Pa mathithi ena anawaimika pafupi mpaka nthunzi ya madzi inawanyowetsa kumaso. Harrison anafunsa kuti akumva bwanji. Anaganiza nthawi yaitali, pofuna kumuyankha zoona mkamwini wawo, n'kunena kuti akumva kuzizira.

Kumapiri komweko mvula inawapeza. Inayamba masana, ya madontho akuluakulu, fungo la dothi n'kukwera. Mphuno ya a Kwenda inalidziwa fungo lija mwini wake asanaganize, ndipo zala zawo zinayamba kufinyana zokha ngati zagwira mbewu.

Harrison anayang'ana pa foni. "Nakonso ku Chipata yagwa yamphamvu. Akuti mtsinje wa Lunkhwakwa wadzaza."

Tamanda anacheuka. "Tikangoona nyanja tibwerera, atate. Masiku ochepa sangawononge munda."

Mawu akuti tibwerere lero anakwera mpaka pakhosi, anaima pamenepo, anatsikiranso m'mimba. "Chabwino, mama," anatero.

Atatsika kumapiri dziko linayala ngati mphasa. Kutentha kwake kwachinyontho, kokakamira pathupi, minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati mpaka komwe maso alekezera. Pafupi ndi Kilimane anakwera bwato n'kulowa m'timitsinje ta madzi akuda, toyenda mochita kuganizira, pakati pa mitengo yomwe mizu yake imaima pamwamba pa matope. Nkhanu zinkathawira m'maenje, mbalame zoyera zili ndandanda m'nthambi. Wopalasa bwato anafotokoza m'Chipwitikizi chosakaniza ndi manja kuti madzi amenewa amachoka okha n'kubweranso okha, tsiku ndi tsiku, popanda mvula.

"Amayi akanamufunsa mpaka kuthawa m'bwato mwake," anatero Tamanda. Ananena akuseka, kenaka kuseka kuja kunapindika, anayamba kulira, Harrison n'kumugwira paphewa. A Kwenda anayang'ana misozi ya mwana wawo ndipo anamuchitira nsanje. Iwo chomwe ankamva chinali thabwa la bwato lomwe linkawapweteka pokhalira.

Pa chakudya anawabweretsera tinyama ta m'madzi tandevu, tofanana ndi ziwala, tophikidwa m'madzi a kokonati. Harrison ananyambita zala, anaitanitsa tina. A Kwenda anatafuna ndi makoko omwe mpaka mwana wawo anawaonetsa kasendedwe kake. Akanawapatsa makoko okhaokha sakanasiyanitsa.

Nyanja anaifika m'mawa mwake, pa Zalala. Mchenga wautali, mphepo, ndi madzi aja opanda tsidya, akubwera ndi mkokomo ngati wa mathiraki a pa Mwami n'kumabwereranso. A Kwenda anaima m'mphepete atavala thalauza lawo la kutchalitchi ndi shati yoyera ya kansalu kakuda ija. Anadikira kuti mwina pano, pamalo pomwe akazi awo ankapalota, china chigwedezeka m'chifuwa. Anadikira ndithu. Anangoona kuti madzi ndi ambiri.

Tamanda anati alawe madziwo m'malo mwa amayi. A Kwenda anawerama kuti atape ndi dzanja. Koma funde silidziwa wofedwa. Linabwera lalikulu, linawagwetsa chagada, linawakhwekhwereza pamchenga, Harrison n'kuwavuula ali chinyowere, mchenga mpaka m'makutu. Mchere anaulawa, wambiri ndithu, m'kamwa ndi m'mphuno momwe. Unali mchere basi, womwewo wa pa grosale.

Zomwe zinatsatira zinali zazing'ono, ndipo panalibe woipa mtima. Shati yonyowa anaiponya m'pulasitiki, kansalu kali pomwepo. Harrison anathamangira kwa ogulitsa zovala m'mbali mwa gombe n'kubwerako ndi kabudula ndi shati ya maluwa ofiira ndi achikasu, yoti ngakhale woitanira minibasi angaganize kawiri asanaivale. Anawaveka chipewa cha mlaza, anawagwiritsa kokonati yoboola ndi kapaipi komwera. Tamanda anawayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire amayi ake anaona atate ake akuoneka ngati munthu wamoyo. Anakweza foni.

"Sekani, atate! Tione mano!"

A Kwenda anaonetsa mano. Akanawauza kuti aime ndi mwendo umodzi akanaimanso.

Chithunzicho Tamanda anachiika pa Watsapu, pansi pake n'kulembapo kuti atate anga ayambanso kuseka, Mulungu ndi wabwino. Dzuwa lisanapendeke chinali chitafika pa foni ya Lemmy, ndipo Lemmy anayenda nacho khomo ndi khomo ngati wolalikira.

Anabwerera mvula itagwa kale kachiwiri. Minda ya kwa Kambwiri inali itamera mizeremizere. Wa a Kwenda nawonso unali utamera, koma wobzala sanali iwo. Ana omwe amathamangira galimoto iliyonse anangoima patali, zala m'kamwa. Mayi wina amene ankawapatsa moni tsiku lililonse chifikire pamudzipo anapatuka n'kulowa kuseri kwa nkhokwe.

A Alfonsi sanadikire kuti mvula ithe. M'mawa mwake mphasa zinayalidwa pansi pa mango pakhomo pomwepo. Mbumba inakhala mbali imodzi, a Kwenda ndi Tamanda mbali ina. A Kwenda anali atavalanso shati yoyera ija, kansalu kali pamalo pake, katachita mawanga a mchere.

A Alfonsi sanakweze mawu. Ankalankhula akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Alamu, ine ndinakuimirani. Amayiwa atati ndi mwamuna wanji wosagwetsa msozi pa maliro a mkazi wake, ndinati anthu amalira mosiyana. Mutachoka osatsazika, ndinati kapena mwana wawatengera kuchipatala. Mvula itagwa, munda wa mlongo wanga uli gwa, ndinati tidikire. Ndiye kunabwera ichi." Anatambasula dzanja, Lemmy anaikamo foni. "Tandiuzani, kansalu kathu kali pati apa?"

Tamanda anakwawa ndi mawondo mpaka pakati pa mphasa. "Amalume, wolakwa ndine. Ulendo ndinawakakamiza ndine. Shati inanyowa ndi funde. Kuseka ndinawauza ndine. Atatewa sanasangalale ngakhale pang'ono, ine ndinali nawo, ndikulumbira. Ndiponso nyumbayi ndi ya amayi anga, ndiye kuti ndi yanga, ndipo ndikufuna akhalemo."

"Nyumba ndi yako, palibe akukana," anatero a Alfonsi. "Koma iwe umakhala ku Chipata. Moto azikapala kwa ndani? Akadwala azigogoda pa chitseko cha ndani? Munthu sakhala ndi makoma, mwana wanga, amakhala ndi anthu, ndipo anthu ake ndi awa, mitima yawo yawawa." Kenaka anatembenukira kwa mnzawo wa pa nsolo. "Koma mwana asatilankhulire. Alamu, kapena muli ndi mawu?"

Anthuni, khomo linali lotsegula pamenepo! Aliyense pa mphasa paja ankadziwa. A Alfonsi ankachita kuwapempha ndi maso. Zinkangofunika kugwada, kuomba m'manja, kunena kuti ndalakwa eni mbumba, mbuzi ili m'kholamo ikhale chipepeso changa. Bwenzi amayi atang'ung'udza, wina atatukwanako pang'ono kuti mtima utsike, nkhani n'kuthera pomwepo. Dontho limodzi la msozi likanaombola nyumba yonse. Ngakhale Lemmy anali atagwetsa nkhope, ataona kuti dimba likumupulumuka. Mpaka lero ndikaganiza za mphindi imeneyo ndimapsa mtima, ndipo sindidziwa kuti ndikupsera ndani.

A Kwenda anadziwa kuti ino ndi nthawi yolankhula. Mutu wawo unatembenuka wokha kumbali ya amayi, komwe yankho linkachokera masiku onse. Kunali nkhope zambiri kumeneko, zonse zotseka pakamwa. Anafufuza m'chifuwa, munali zii momwe muja. Anaona nyerere ikukoka phiko la inswa pamphasa, anaitsata ndi maso mpaka inatsikira m'dothi.

"Ndamva," anatero.

"Mwaonatu," anatero mayi wina kumbuyo.

A Alfonsi anadzuka. Anamasula pini ija, anachotsa kansalu. "Takumasulani, a Kwenda. Munatisungira mlongo wathu bwino, zimenezo sitikana. Pitani mukaone abale anu. Mukapeza wokuphikirani, ife tilibe mawu." Sanawatchulenso kuti alamu. Anthu anaomba m'manja mwamwambo, ndipo a Kwenda nawonso anaomba nawo.

Tamanda anawatengera ku Chipata tsiku lomwelo, akulira njira yonse. Anawapatsa chipinda cha alendo, bedi lofewa, wailesi yakanema. Harrison sankadziwa kuti maso awaike pati. Ankabwera ndi maapozi, ndi nsapato zatsopano, ankalonjeza kuti apita yekha kukagwada kwa amalume mitima ikazizira. Shati ya maluwa ija anaitentha kuseri kwa nyumba. A Kwenda ankathokoza chilichonse. Tsiku lonse ankakhala pawindo, kuyang'ana mpanda wa njerwa ndi nsonga ya phiri la Kanjala, manja aja omwe sanakhalepo chete ali pa mawondo. Mvula ikamagwa pa malata ankamva phokoso lokha.

Koma m'mutu mwawo munatsala mawu amodzi, aja akuti pitani mukaone abale anu. Anali atauzidwa, ndipo a Kwenda akauzidwa chinthu ankachita. M'mawa wina, Tamanda ali kuchipatala, Harrison ali ku Mwami, anayala bedi bwinobwino, anasiya uthenga kwa mayi woyandikana nawo, ananyamula sutikesi n'kutsikira kokwerera magalimoto a ku Vubwi.

Anakwera kumbuyo kwa kalole, pakati pa matumba a feteleza ndi njinga. Msewu unali matope, kawirikawiri ankatsika kukankha, ndipo iwo ankakankha nawo. Anatsika pa mphambano yomwe miyendo yawo inaikumbukira, n'kuyamba kuyenda, sutikesi ili paphewa. Mapiri anali omwe aja. Zina zonse zinali zachilendo. Nkhalango yomwe ankatemako mitengo ya misampha inali minda ya soya. Mkuyu waukulu wolowera m'mudzi kunalibe, ngakhale chitsa. Nyumba zinali zamalata, zina ndi sola padenga, ndipo pamalo pomwe panali nyumba ya amayi awo panali chigayo chikulira.

Pa mjigo anapeza mayi wachitsikana, mwana kumsana, akupopa madzi. Atawaona anasiya kupopa, anapukuta manja pa chitenje n'kupinda mawondo.

"Takulandirani, agogo. Mwafika kwa ndani?"

Anatchula dzina la mlongo wawo. Mayiyo anapukusa mutu. Anatchula la amalume awo, omwe kale mudzi wonse unkanjenjemera akatsokomola.

"Amenewo ndimangomva kuti analiko."

Anatchula mwana wa mlongo wawo, yemwe anamusiya akukwawa.

"Oo, aja anasamukira kumafamu a ku Chipangali ine ndili wamng'ono. Malo awo anagulitsa kwa a chigayowa."

Anatchula mnzawo yemwe ankaweta naye mbuzi. Anatchula mphunzitsi wa katekisimu. Pomaliza anatchula amayi awo, dzina lonse ndi mfunda womwe, pang'onopang'ono. Mayi uja anayesetsa, anakwinya pamphumi, anayang'ana kumwamba, chifukwa sankafuna kumukhumudwitsa munthu wamkulu. Kenaka anati pepani. A Kwenda mayina anawathera.

"Nanga kwanu n'kuti, agogo, kuti tikuperekezeni?"

A Kwenda anatsitsa sutikesi. Anayang'ana chigayo, anacheukira njira yomwe anadzera. Dzina la kwa Kambwiri linafika pamilomo, koma silinalinso lawo loti angalitchule. Madzi ankadontha pa mjigo.

Mayi uja anawayang'ana mwachifundo, anawalandira sutikesi monga timachitira ndi alendo, n'kutembenukira kunyumba ina yapafupi.

"Amayi! Tabwerani kuno. Kuli agogo ena, asochera."